Msana wa Chiwolotsa

Kwa iwe Masauso, mwana wanga wamwamuna mmodzi yekha,

Ndikupatsa moni m'dzina la Mulungu amene anakuumba m'mimba mwanga ine ndisanaone nkhope yako. Mtendere wake ukhale pa iwe pamene uwerenga mawu awa, kaya ukadali m'basi, kaya wafika kale ku Kitwe nukhala pa kama wachilendo.

Ndalemba nditakhala pansi pa mtengo wa mango, dzuwa likupendeka, iwe utapita kumsewu kukatsazika anzako. Ndikadatha kunena ndi pakamwa, koma kuyambira dzana iwe ndi ine tizembana m'nyumba imodzi monga mkamwini ndi apongozi ake. Ndikakuikira madzi osamba uthokoza maso ali pansi. Chifukwa chake ndatenga pepala, pakuti pepala silichita manyazi.

Ndiyambe ndi chimene chinachitika, kuti tisanamizane. Amalume ako a Laisoni, mlongo wanga, amene anali Chiwolotsa wa mfumu yathu, tinawaika m'manda mvula itangoyamba. Dzana akuluakulu a mbumba yathu anakhala pa mphasa pakhomo pano nakutchula iwe kuti ndiwe wolowa dzina, pakuti kwathu kuno dzina silitsata atate, liyenda m'mimba ya akazi, kuchoka kwa malume kunka kwa mwana wa mlongo wake. Anati adzakukhazika m'nyengo yachisanu, chimanga chili m'nkhokwe, sukulu yako itatseka. Ndipo iwe unaimirira pamaso pa imvi zonse zija nunena, "Ine ndikupita kukaphunzira kumanga milatho. Sindine bulu woti ndizibereka mafumu." Mkulu wina anayankha, "Koma bulu ameneyu Chinyanja achidziwa." Anthu anaseka, iwe unatuluka. Ine sindinaseke.

Sindikulembera kuti ndikukalipire, mwana wanga. Unanena monga mwa kudziwa kwako, ndipo udziwa zochepa chifukwa ine ndinakuuza zochepa. Tsono tchera khutu, ndikuuze dzina limene walikana, kuti ngati udzalikananso udzalikane ukulidziwa nkhope yake.

Kale, msewu waukulu uno usanalambulidwe, mfumu ya anthu athu inali yaikazi. Nkhondo inawatulutsa m'chigwa, nathawa chokwera mapiri kufikira anafika pa mtsinje wathu wa Chamatete, umene unali wodzala mpaka m'mabango. Pamenepo panali munthu wofula njuchi, dzina lake Shankwale, wosauka wopanda mbuzi ingakhale imodzi, koma miyala ya pa dooko anaidziwa monga mano a m'kamwa mwake. Iye anagwada, nabereka mfumu kumsana, nalowa m'madzi ndi ndodo yake. Atafika pakati, madzi ali m'chifuwa, anaima.

Anati, "Amayi, kumbuyo kuja mwasiya nkhalamba ndi opunduka chifukwa ayenda pang'onopang'ono. Nenani tsopano kuti mudzawadikira kutsidya. Mukapanda kutero, ine ndatopa, ndipo pano ndi pamene ndipumulire."

Mfumu inati, "Kodi udziwa amene ulankhula naye?"

Shankwale anati, "Dzina lanu ndangolimva lero, koma kulemera kwanu ndikukudziwa."

Mfumu inadikira. Ndipo Shankwale anabwerera nawolotsa okalamba aja mmodzimmodzi kufikira sanatsale wina. Pomwepo mfumu inavula mpande, chigoba choyera chija chimene unachiona pakhosi pa amalume ako, nimuveka, nimutcha Chiwolotsa. Inalamula kuti chaka ndi chaka, mvula isanagwe, pamene mfumu ipita kutsidya kukasesa manda a mafumu, iye ndi ana a alongo ake ndiwo aziibereka pa dooko limenelo, ndi kuti mawu onenedwa pakati pa madzi alibe mlandu. Inalamulanso kuti msana umene wabereka mfumu usanyamulenso katundu wina aliyense. Nchifukwa chake sunaonepo amalume ako atasenza thumba, ndipo iwe uli mwana unkati ndi ulesi.

Taona tsono, Masauso. Ulemu wa nyumba yathu sunachokere ku mkondo kapena ku ng'ombe. Unachokera ku msana ndi ku pakamwa, ndipo msana ndiwo unayamba. Usaiwale dongosolo limenelo: kubereka poyamba, kunena pambuyo.

Wolowa m'malo mwa Shankwale anali Chibwe, mwana wa mlongo wake, ndipo sindidzakubisira kuti anatichititsa manyazi. Anali munthu wanzeru koma wokonda chipanda. Anaiwala kuti ufulu wake uli m'madzi, nayamba kudzudzula mfumu pa mowa, pamaso pa akazi ndi alendo. Zimene ankanena zinali zoona, koma anazinena pamtunda. Anamuvula mpande, ndipo dzina linagona zaka zambiri. M'zaka zimenezo mafumu ankawoloka ndi mapazi awo, opanda wowauza kanthu, ndipo mabanja ambiri anasamuka usiku osatsazika.

Wolidzutsa dzina anali mkazi, agogo anga a Nankoma, amene ine ndinawaona ndi maso, afupi, amawu aakulu. Inali nyengo ya msonkho, amuna atathera ku migodi ndi ku mapulazi, minda ikuluikulu ya azungu. Mfumu yatsopano inatumiza mawu kuti ifuna kuwoloka monga mwa makolo, koma m'mbumba yathu munalibe mwamuna. Agogo anamanga nsalu m'chiuno nati, "Ine ndabereka ana kufikira msana unazolowera. Mfumu ndi mwana wolemerako chabe." Pakati pa madzi anaiuza kuti ileke kupereka ana a akazi amasiye kwa olemba anthu ntchito, ndipo inaleka. Atamwalira agogo analowa amalume anga, ndipo atamwalira amalume anga analowa Laisoni. Kapena pakati apo pali wina amene ndamuiwala, wondikumbutsa sanatsale. Tsopano ndodo yaimikidwa kuseri kwa chitseko changa, ndipo mpande ili m'manja mwanga, pakuti mkazi wamkulu wa mbumba ndiye aisunga pamene dzina lilibe mwini.

Tsono ndikuuze za kupusa kwanga, chifukwa munthu aphunzira msanga pa chipsera cha amake kuposa pa ulaliki.

Laisoni anali mng'ono kwa ine. Ndinamupukuta mamina, ndinamukwapula ataba mtedza. Koma udziwa mwambo wathu: wolowa dzina salowa dzina lokha, alowa ndi ubale womwe wa malemuyo. Tsiku limene anamukhazika, mwana uja anasanduka amalume anga, woti ndizimugwadira ndi kumutcha inu. Ndinagwada ndithu, koma lilime silinagwade. Pasanapite mwezi mbuzi zake zinalowa m'dimba mwanga. Ndinapita kwake ndi mkwiyo wanga wonse, osaona kuti pakhonde pakhala alendo ochokera kwa mfumu, ndipo ndinafuula ndili kutali, "Iwe Laisoni! Mbuzi zako zamaliza repu yanga, nanga ndidye makutu akowo?" Akuluakulu anandilipiritsa nkhuku yoyera, ndipo ndinaipereka nditagwada, iye akuilandira ndi nkhope ya mwala. Madzulo ake mwana anabwera ndi mbale yovundikira, m'kati muli ntchafu zonse ziwiri za nkhuku ija, ndi mawu akuti, "Amalume ati mudyere limodzi ndi makutu awo."

Koma chimene ndifuna uchimve chinadza pambuyo. Tsiku lina ndinali kuchapa pa dooko, iye nabwera yekha, nakhala pa mwala, nati, "Enelesi, nditchule dzina langa." Ndinati, "Amalume, nkhuku zanga zatha." Anati, "Pano ndi pamadzi, palibe mlandu. Chiyambire tsiku lija anandikhazika palibe wanditcha Laisoni koma iwe, ndipo unachita kundikalipira nalo." Ndinamutchula, ndipo mwamuna wamkulu uja analira. Chifukwa chake sindikunyenga kuti dzina ili ndi lokoma. Liri ndi ulemu, ndipo liri ndi kusungulumwa. Ndipo kumene ukupitako, ukadzaona munthu amene onse amuopa, kaya mphunzitsi wamkulu kaya kapitawo, usafulumire kumuchitira nsanje kapena kumunyoza. Kapena nayenso afuna wina womufunsa kuti wagona bwanji.

Kupusa kwanga kwachiwiri kunavala zoyera. Ndinali nditangolandira bulauzi ya amayi a chigwirizano, mtima ukuyaka, ndipo chinthu chilichonse cha makolo chinkandinunkhira mdima. Nthawi imeneyo amalume anga anali atamwalira, Laisoni asanakhazikidwe, mpande ili m'dengu la amayi anga. Ndinaitenga mobisa kuti ndikaiponye mu Chamatete. Pa dooko ndinapeza mlaliki wathu wokalamba akutsuka matope pa njinga yake. Anaona chimene ndinafumbata, ndipo ndinamuuza monyadira chimene ndadzera.

Anandifunsa, "Mayi, chigoba chimenechi munachipempherapo?"

Ndinati, "Iyayi."

"Chinakupemphanipo nsembe?"

"Iyayi."

"Nanga ntchito yake nchiyani?"

Ndinati, "Chikumbutsa wochivala kuti ayenera kubereka mnzake ndi kumuuza choonadi."

Mkulu uja anaimika njinga nati, "Ine zimenezo ndazilalikira kufikira mano anatha, anthu akuwodzera. Chigoba chanucho chindiposa. Kachibwezereni m'dengu amayi anu asanatsegule."

Ndinachibwezera. Ndikuuza ichi chifukwa ndidziwa kuti anzako amene upemphera nawo kumsewu anakuuza kuti kulowa dzina ndi kulowa m'pangano ndi mizimu. Usawanyoze, pakuti akonda Mulungu, ndipo pamaliro a amalume ako ndiwo anakumba manda. Ndiponso sananame kotheratu: kale panali kuthira mowa pansi ndi kuitana akufa. Koma Laisoni anazileka zimenezo poyera, pamaso pa mfumu. Iye ankagwada pa mchenga napemphera kwa Ambuye asanaponde madzi, ndipo mtsinje sunamukane. Yesa zinthu ndi zipatso zake, mwana wanga, osati ndi ukalamba wake. Ku Kitwe udzapeza zatsopano zambiri zovunda m'kati, ndi zakale zina zamoyo.

Kupusa kwachitatu ndiko kundiwawa kufikira lero, chifukwa amene ndinamulakwira anagona kale. Atate ako anali munthu wofatsa wosadziwa kukana. Chaka china anabwereketsa ng'ombe zathu ndi pulawo kwa mnzawo, mvula yoyamba itagwa, munda wathu usanalimidwe. Ndinamva nkhaniyo ndili ku Chinyunyu kogulitsa tomato, ndipo pomwepo atate ako anatulukira pa njinga. Sindinadikire kufika kunyumba. Ndinawatsanulira mawu pamsika, pamaso pa amayi anzanga ndi anyamata a maminibasi, mpaka kondakitala wina anafuula, "Ba tate, kwerani tikuthawitseni, mudzalipira kutsogolo!" Msika wonse unaseka. Atate ako anamanga dengu langa pa njinga nandiperekeza kufikira kwathu. Koma munthu amene ankaimba nyimbo za mpingo posenga mipini sanaimbenso mpaka chimanga chinacha.

Amayi anga atamva anangoti, "Mwana wa nyumba ya Chiwolotsa, walankhulira pamtunda ngati Chibwe." Ndinanena zoona tsiku lija, Masauso, munda wathu unachedwadi. Koma choonadi chonenedwa pamsika chivula munthu, pamene chonenedwa pakati pa madzi chimusambitsa. Chifukwa chake ndikubwereza: usadzudzule munthu amene sunamubereke. Mnzako wa m'chipinda akalakwa, yamba wamuthandiza m'chosowa chake, numutengere pambali. Mkazi amene Mulungu adzakupatsa, usadzamuwongolere pamaso pa abale ako. Ngakhale dzina udzalikane, lamulo ili usalikane, pakuti ndi cholowa chimene palibe mkulu angakuvule.

Tsopano za milatho yako. Usaganize kuti ndidana nayo. Boma litabwera pafupi, dera lathu la Rufunsa litakhala ndi maofesi akeake, anatimangira kamlatho pa Chamatete, ndipo ine ndinavina tsiku limenelo, chifukwa ndikumbukira akazi amene anafera kutsidya ndi pakati, mtsinje utadzala, chipatala chikuoneka ndi maso a mtima okha. Mlongo wako Tisaine anawoloka pa mlatho umenewo m'galimoto usiku wa kubadwa kwa mwana wake. Kaphunzire ndi mphamvu zako zonse. Ukamange yolimba, usadzabe simenti, pakuti pa mlatho pamayenda ana a anthu.

Koma imva chimene chinachitika chaka choyamba cha mlathowo, iwe uli ku sukulu yogonera komweko. Tsiku lokasesa manda mfumu inabwera pa galimoto, ndipo anthu onse anati mwambo wa dooko watha wokha. Galimoto itafika, anapeza amalume ako ataima pakati pa mlatho, mpande pakhosi, ndodo m'manja. Dalaivala, mnyamata wa ku Lusaka, analiza hutala natulutsa mutu.

"Ba mudala, chokaniponi motoka ipite! Manje kuli buliji, msana wanu upumuleko!"

Amalume ako anati, "Mwana wanga, mlatho ungathe kunyamula mfumu pamodzi ndi motoka yako. Koma ulibe pakamwa."

Tinaona chitseko chikutseguka. Mfumu inatuluka ikuseka, nivula nsapato, nipinda buluku, nitsikira ku dooko. Amalume ako anali atayamba kale kudwala mawondo, koma anaibereka nalowa nayo m'madzi. Pakati anaima nthawi yaitali. Chimene chinanenedwa palibe achidziwa, ndipo ine sindinafunse. Chimene ndidziwa nchakuti masiku amenewo kunali alendo a nsapato zowala amene ankayendayenda kutsidya ndi zingwe zoyezera, m'madimba mwathu mpaka m'mphepete mwa manda, ndipo itapita sabata imeneyo mfumu inawalozera malo ena, kuchitunda kopanda munda wa munthu.

Alendo otere abweranso, Masauso. Maliro a amalume ako asanazizire tinaona galimoto ziwiri kutsidya. Mfumu yathu ndi munthu wa mtima wabwino, ndipo ndiipempherera masiku onse. Koma aliyense wofika pakhomo pake afika ndi chopempha m'manja ndi uchi pa lilime, ndipo munthu wodyetsedwa uchi wokhawokha saona bwino. Mvula ikudzayi isanagwe mfumu idzapitanso kukasesa manda. Ikadzapeza pa dooko palibe munthu, idzadutsa pa mlatho, ndipo sipadzakhala wolakwa. Chaka chotsatira palibe adzakumbukire kuti pankaima munthu. Dzina linagona nthawi ya Chibwe nkudzukanso chifukwa mtsinje unalipo wolikumbutsa. Dzina logona m'masiku a mlatho silidzadzuka. Akuluakulu sanakutchule chifukwa chokuda. Mwamuna wina yekha wotsala m'mbumba yathu ndi mwana wa Tisaine, amene akukwawa ndi kudya dothi. Podzafika iye pa msinkhu wobereka munthu, madimba adzakhala ndi mipanda ya waya.

Unati sindiwe bulu. Ndivomera. Bulu anyamula osanena kanthu, ndipo otero mfumu ili nawo ambiri, ena ovala mataye. Chimene tisowa ndi munthu wodziwa kuwerenga mapepala a alendo aja, wodziwa kuti chingwe choyezera chinena chiyani, ndipo ali ndi msana. Sukulu yako siilimbana ndi dzina. Palibe akuti usiye maphunziro, kapena ukhale pamudzi kuweta nkhuku. Akupempha tsiku limodzi pa chaka, ndi moyo woyenera tsiku limenelo masiku ena onse. Chachiwirichi ndicho cholemera, pakuti munthu woledzera Loweruka sangaime pakati pa madzi Lolemba nkuwongola mfumu.

Ndipo tsopano ndinene chimene ndachizungulira kuyambira pamwamba pa pepala. Pamene unanena mawu aja dzana, mbali ina ya mtima wanga inakondwera. Inde, ine amene ndasunga mpande. Abale ako awiri amene anakutsogolera ndinawaika m'manda asanayende, ndipo atate ako anakutcha Masauso chifukwa cha misozi imeneyo. Utakula ndinadziwa kumene dzina lidzagwere, ndipo tsiku la dooko likafika ndinkakupezera ntchito kutali, mwina kuchigayo, mwina kubusa. Ndinkati mwana asazolowere. Pakuti ndidziwa mtengo wake. Tsiku limene adzakukhazika pa mphasa, iwe udzalowa m'malo mwa Laisoni, amene analowa m'malo mwa amalume anga. Mwana amene ndinamuyamwitsa adzakhala amalume anga. Ndidzakugwadira. Sindidzathanso kukuitana kuti iwe, kapena kukukalipira kuti wasiya nsapato pakhomo, kapena kukugwira pachipumi kuona ngati watentha thupi anthu akuona. Ndinataya mlongo wanga kawiri, poyamba pa mphasa, kenaka m'manda. Ndipo tsopano andipempha mwana.

Taona tsono pamene ndaima. Ukakana, ndisunga mwana, koma dzina la amayi anga ndi agogo anga lifera m'manja mwanga, ndi madimba a anthu pamodzi nalo. Ukavomera, dzina likhala, koma kamwa langa litaya mawu amene ndiwakonda koposa onse. Ndagwada nazo pamaso pa Mulungu, ndipo sanandiyankhe ndi bingu. Anangondikumbutsa nkhalamba zija zimene zinatsala kumbuyo pa tsiku la Shankwale. Panali amayi a munthu wina pakati pawo. Chifukwa chake ndikupempha, ine mwini, ndi dzanja langa: bwera udzalowe dzina. Sindikukakamiza, ndipo sindidzakutemberera. Koma usadzanene kuti amayi sananene chimene anafuna.

Usandiyankhe pa foni. Nkhani yotere siyenda pa mphepo, ndiponso udziwa kuti kuno mawu amaduka pokhapokha munthu atakwera pachulu. Usalembenso kalata. Tichite chotere. Sukulu ikadzatseka m'nyengo yachisanu, ine ndidzakhala pa siteji ya Rufunsa pamodzi ndi mlamu wako, mwamuna wa Tisaine. Ukadzatsika basi, ndidzayang'ana chikwama chako. Ukadzachiponya kumsana monga uchitira masiku onse, ndidzadziwa, ndipo ndidzathamanga kukukumbatira ndi kukufunsa chifukwa chake waonda. Kwa akuluakulu ndidzapita ndekha kukanena, ndipo pakhomo pano sudzamva mawu otonza. Koma ukadzachipereka kwa mlamu wako, nuyenda msana uli wopanda kanthu, ndidzadziwanso. Pamenepo usadzandigwire ndikamagwada pa fumbi pamaso pa makondakitala. Udzandilole, ndipo udzayankhe moni wanga monga ayankhira wamkulu.

Lero m'mawa ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukayesa. Ndinanena kwa mtengo wa mpanda kuti, "Mwayenda bwanji, amalume?" Lilime linakana, kenaka linalola. Tambala yekha ndiye anandiona. Ndipo ndayamba kale kusunga nkhuku yoyera, pakuti ndidzidziwa ndekha: tsiku lina mbuzi zako zidzalowa m'dimba mwanga. Koma kumbukira kuti dooko lilipo. Ukadzalemedwa ndi ulemu, udzandipeze ndikuchapa, ndipo pamenepo palibe mlandu.

Za mawa ndi zazifupi. Chikwama unyamule wekha, msana ukadali wako. M'thumba la pambali ndaikamo mtedza wokazinga ndi chikanda chimene wakupangira Tisaine. Udye chikandacho usanafike ku Lusaka, chisakuwonongekere. Juzi la atate ako lili pansi penipeni, akuti ku migodi kuzizira. Ukafika ufune mpingo sabata yoyamba, usadikire kuti mavuto akufunire. Ndipo pa siteji ndidzakuitana iwe mokweza, kawirikawiri, ngakhale popanda chifukwa. Usachite manyazi pamaso pa anzako. Ndikudya zotsala za m'munda mwanga chilimwe chisanafike.

Dzuwa lalowa m'mapiri, ndipo ndikumva mawu ako kunjira, ukuseka ndi wina. Ndipinde pepala.

Mulungu wa amayi anga, amene anaimika mapazi a Shankwale pa miyala yoterera, aimike ako m'dziko la eni. Akupatse msana wosatopa ndi anthu, ndi lilime lodziwa malo ake. Adalitse chipinda chimene ukagonemo ndi mnzako amene ukagawane naye mchere. Adalitse nyumba imene udzamanga, ndi mkazi amene sindinamuone, ndi ana ako, amene adzatsata mbumba ya amayi awo koma adzakhala ndi maso ako. Pakhomo pako pasadzasowe madzi a mlendo, ndipo okalamba asadzasiyidwe kumbuyo.

Ngati chikwama chidzapita kwa mlamu wako, mawu awa ndiwo oyamba a mdzukulu wa Nankoma kwa Chiwolotsa watsopano: muyende bwino, amalume, tikudikirani pa dooko.

Koma lero likadali langa. Pita bwino, iwe Masauso, iwe mwana wanga, iwe.

Ndine mayi wako,
Enelesi